Kamfuti ka .22 ndi Agologolo a ku America

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku mapiri ndi nkhalango za kum'mawa kwa dziko la United States of America, kumene gologolo sayesedwa kanyama kongothamangitsana nako ana ndi malegeni ayi, koma ndiwo ya akuluakulu imene ili ndi nyengo yake, malamulo ake ndi mfuti yake. M'chigawo cha Kentucky nyengo yosaka agologolo imatsegulidwa Loweruka lachitatu la mwezi wa Ogasiti, ndipo lamulo limalola mlenje kupha agologolo 6 pa tsiku, osapitirira. Ku Missouri amayamba msanga, chakumapeto kwa Meyi, ndipo malire ake ndi 10. Ku Louisiana, m'dera la Ville Platte, kunakhazikika mwambo wotseka sukulu Lachisanu loyandikana ndi tsiku lotsegulira nyengoyi mu Okutobala, poti aphunzitsi anaona kuti ngakhale atatsegula, m'makalasi mukhala mbee, ana onse ali kuthengo ndi makolo awo.

Omvera amene anazolowera gologolo wa m'tchire la ku Malawi, uja wosadzaza ndi chikhatho chomwe, angadabwe kuti munthu wamkulu n'kutayiranji chipolopolo pa kanthu kotere. Koma agologolo a ku America ndi ena. Pali mitundu iwiri imene alenje amaifuna. Wotuwa amalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Wofiirira, amene eni dziko anamupatsa dzina la nkhandwe chifukwa cha maonekedwe a ubweya wake, ndi wamkulu kuposa pamenepo, moti wonenepa amafika kilogalamu yathunthu. Onse awiri amadya mtedza wobala m'mitengo ikuluikulu yotchedwa hickory, oak, beech ndi walnut, choncho nyama yawo ndi yokoma, yofanako ndi ya kalulu. Zakudya ziwiri zotchuka za kum'mwera kwa dzikolo, Brunswick stew ya ku Virginia ndi Georgia, ndiponso burgoo ya ku Kentucky, kale zinkaphikidwa ndi nyama zam'tchire, makamaka agologolo, ngakhale kuti masiku ano ambiri amaikamo nkhuku, nkhumba kapena nkhosa.

Ulenje umenewu ndi wakale kuposa kamfuti kamene nkhani ino ikufotokoza. Azungu oyamba kukhala m'mapiri a Appalachia anali ndi mfuti zazitali zothira wonga kukamwa monga gogodera, koma za mizere yozungulira m'kati mwa mpope; zazing'ono mwa izo ankazitcha mfuti za agologolo. Katswiri wojambula mbalame, John James Audubon, analemba kuti anaona Daniel Boone akupha agologolo osawalasa: ankawombera khungwa la nthambi pansi penipeni pa mimba ya gologolo, ndipo kanyamako kankagwa ndi kugwedezeka kokhako. Akatswiri a mbiri yakale amakayika ngati anthu awiriwa anakumanadi pamalo ndi pa nthawi imene Audubon anatchula, komabe nkhaniyo ikusonyeza chimene anthu a m'mapiri ankachitama, ndicho kugwetsa gologolo popanda kuwononga mnofu wake. Mu Sepitembala 1862, pa nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikomo, mzinda wa Cincinnati utaopsezedwa ndi ankhondo a kum'mwera, anthu wamba pafupifupi 15,000 a ku Ohio anathamangira kukauteteza atanyamula mfuti zawo zakunyumba. Mbiri imawakumbukira ndi dzina lakuti Alenje a Agologolo.

Kamfuti kamene kanalowa m'malo mwa mfuti zazitalizo kamadziwika ndi nambala yakuti .22, kutanthauza kuti kukamwa kwake ndi kwa magawo 22 mwa magawo 100 a inchi imodzi, ndiko kuti pafupifupi mamilimita 5.6. Pensulo ya kusukulu siingalowemo. Chinsinsi chake chili m'chipolopolo. Chipolopolo chamakono chili ndi zinthu zinayi: chigoba chamkuwa, wonga, mankhwala oyatsira wongawo, ndi njere ya mtovu imene imauluka kukalasa nyama. M'zipolopolo za mfuti zazikulu, mankhwala oyatsirawo amakhala m'kachisoti kapadera pakati penipeni kunsi kwa chigoba. M'chipolopolo cha .22 mulibe kachisoti. Kunsi kwa chigoba anakupinda kuti kukhale mkombero wa mphako, ndipo kufakitale amathiramo mankhwalawo ali onyowa, n'kuzunguza chigobacho mwamphamvu kuti afalikire mumkombero monse. Munthu akakhethemula mfuti, kachitsulo kamatswanya mkomberowo pamalo amodzi, mankhwala amalilima n'kuyatsa wonga. N'chifukwa chake zipolopolo za mtundu uwu zimatchedwa rimfire m'Chingerezi, kunena moto wa m'mphepete.

Nzeru imeneyi inayambira ku Paris mu 1845, pamene Louis-Nicolas Flobert anaika kanjere ka mtovu pa kachisoti koyatsira wonga kuti anthu aziwombera chandamale m'nyumba. Kampani ya Smith & Wesson inatulutsa chipolopolo chachifupi, .22 Short, mu 1857. Mu 1887 kampani ya J. Stevens ya ku Massachusetts inatulutsa chimene chinapambana zinzake zonse, .22 Long Rifle, cha njere yolemera magalamu 2.6 okha. Papita zaka zoposa 130, koma palibe chipolopolo china chimene chimapangidwa chambiri padziko lonse kuposa chimenechi.

Ubwino ndi kuipa kwa chipolopolochi zonse zikuchokera pa mkombero uja. Poti uyenera kukhala wopyapyala kuti utswanyike, sungapirire mphamvu ya wonga wambiri. Motero chipolopolo chiyenera kukhala chaching'ono. Pokhala chaching'ono ndi chosavuta kupanga, mtengo wake ndi wotsika, kulira kwake n'kochepa, ndipo mfuti siimenya phewa, moti mwana wa zaka 10 amatha kuphunzira nayo popanda mantha. Koma chigoba chikatswanyika chatha, sachidzazanso monga achitira ndi zigoba za mfuti zazikulu. Komanso nthawi zina mankhwala safalikira mofanana mumkombero, ndipo kachitsulo kamamenya pamene palibe kanthu. Mwini mfuti aliyense wa zaka zambiri anamvapo kaphokoso kakuti tcha, popanda kuphulika, gologolo ali kumuyang'ana panthambi. Ozolowera amayamba adikira kanthawi, mfuti italoza kumene kulibe munthu, poti chipolopolo chotere chitha kuphulika mochedwa. Kenaka amachitulutsa, ndipo akachitembenuza kuti kachitsulo kamenye pamalo ena, kawirikawiri chimalira.

Kuti kamfutika kafale m'nyumba za alimi, zinthu ziwiri zinathandiza. Pofika chaka cha 1900, mbawala za mchira woyera ndi nkhukundembo zam'tchire zinali zitatsala pang'ono kutha m'zigawo zambiri chifukwa cha kusaka kopanda malire ndi kudula nkhalango. Nyama imene inatsala pafupi ndi midzi inali kalulu ndi gologolo. Kenaka kunabwera umphawi waukulu wa zaka za m'ma 1930. Mfuti za chipolopolo chimodzi, monga Stevens Favorite ndi Winchester Model 67 imene inatuluka mu 1934, zinali zotchipa koti mnyamata wapamudzi akanatha kugula ndi ndalama za ganyu. Okalamba a m'madera amenewa amasimba kuti bambo ankawerengera mwana zipolopolo m'manja m'mawa, ndipo madzulo mwanayo ankayenera kuonetsa nyama kapena kubweza chipolopolo. Sukulu imeneyi inali youma, koma ndiyo inaumba maganizo amene eni mfuti za .22 ali nawo mpaka lero.

Mkangano woyamba pakati pa alenje a agologolo ndi wa mfuti yachifefe. Chifefe chimamwaza timipira tambiri ta mtovu, choncho sichiphonya kawirikawiri, ngakhale gologolo akulumpha kuchoka pa nthambi ina kunka pa inzake. Mu Ogasiti ndi Sepitembala, masamba akadali thothotho, mlenje amangoona mchira kapena kugwedezeka kwa nthambi, ndipo ambiri amanyamula chifefe pa nyengo imeneyi. Eni ake a .22 amayankha ndi mbale ya ndiwo. Gologolo wophedwa ndi chifefe amakhala ndi timipira m'ntchafu ndi kumsana, takokera ubweya m'kati mwa mnofu, ndipo wakudya amatafuna mochenjera kuopa kuthyola dzino. Wophedwa ndi chipolopolo chimodzi cha kumutu amakhala woyera ngati wogula kubutchala. Masamba akayoyoka mu Novembala, gologolo amaona munthu ali patali ndipo salola kuyandikiridwa, apo.22 imapambana popanda wotsutsa. Kampani ya Savage inayesa kuthetsa mkanganowu ndi mfuti ya mipope iwiri, Model 24, wapamwamba wa .22 ndi wapansi wa chifefe chaching'ono, ndipo amene ali nayo saigulitsa wamba.

Kuti nkhani ya mitundu ya mfuti imveke, payenera kufotokozedwa kasakidwe kake. Mlenje amalowa m'nkhalango m'bandakucha n'kukhala pansi atatsamira mtengo, pafupi ndi mitengo ya hickory. Sagwiritsa ntchito maso poyamba koma makutu. Gologolo akamatong'ola mtedza pamwamba, timakoko timagwera pamasamba ngati mvula yowaza, ndipo mano ake amamveka akukukuta chikhokho cholimba. Mlenje amatsata phokosolo pang'onopang'ono, kuponda kawiri n'kuima, mpaka ataona pamene kanyamako kakhala. Mutu wa gologolo ndi wochepa kuposa dzira la nkhuku, ndipo kawirikawiri umakhala pa mtunda wa mayadi 20 mpaka 50, m'mwamba, pakati pa masamba, ukugwedezeka. Gologolo akazindikira kuti pali munthu amazungulira kuseri kwa thunthu, kapena kudziphwatika panthambi n'kukhala duu kwa mphindi zambiri. Pamenepa m'pamene pamaoneka kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Alenje akakhala awiri, mmodzi amazungulira mtengo kuti gologolo asunthire kwa mnzake. Amene ali yekha amaponya kamtengo kuseri. Ena m'nyengo yachisanu amayenda ndi agalu a mitundu ya feist ndi cur, amene amauwa pansi pa mtengo umene gologolo wakwera.

Mfuti zimene anthu amanyamula pa ntchito imeneyi zili m'magulu angapo. Zofala kwambiri ndi zija zodzilowetsa zokha chipolopolo china munthu akangowombera. Marlin Model 60, imene inatuluka mu 1960, imasunga zipolopolo zoposa 10 m'kampope kachiwiri pansi pa mpope weniweni, ndipo zinapangidwa zoposa 11 miliyoni. Ruger 10/22 ya mu 1964 ili ndi kabokosi kozungulira ka zipolopolo 10, ndipo eni ake amaikonda chifukwa pafupifupi chitsulo chilichonse cha pa mfutiyo angathe kuchichotsa n'kuikapo china chabwino koposa. Gulu lina ndi la mfuti za kampiringidzo kokoka ndi dzanja, konga ka pachitseko, monga CZ 452 ya ku Czech Republic ndi Savage Mark II. Palinso za chogwirira chapansi chimene amatsitsa ndi kukweza, monga Marlin 39A, zimene amazikonda anthu okumbukira zakale.

Chodabwitsa n'chakuti alenje ambiri amayamba ndi mfuti yofulumira n'kumalizira ndi yochedwa. Amafotokoza kuti munthu akadziwa kuti zipolopolo zina 9 zikudikira, dzanja limathamanga. Amawombera asanalunjike bwino poganiza kuti chachiwiri chikonza zolakwa za choyamba. Koma gologolo wophonyedwa sadikira, ndipo zipolopolo zotsatirazo zimangothyola masamba n'kuuluka kopanda wodziwa. Ndi mfuti ya kampiringidzo, munthu amadziwa kuti ali ndi mwayi umodzi, choncho amafuna potsamira, amadikira mutu uonekere bwino, n'kukhethemula pang'onopang'ono. Mfuti yodzilowetsa yokha ilibe mlandu pa zimenezi, ndipo ena amapha nayo bwino ndithu. Vuto lake lenileni ndi litsiro. Njere ya .22 imapakidwa phula kunja kwake, ndipo phulalo likasakanikirana ndi mwaye wa wonga limatseka tizitsulo ta m'kati, makamaka kukazizira, mfuti n'kuyamba kukana kulavula chigoba.

Pali chinthu chimodzi chimene eni mfuti onse amagwirizana, ndipo chimadabwitsa wogula mfuti koyamba: mfuti iliyonse ya .22 ili ndi chipolopolo chake chimene imakonda. Mfuti ziwiri zochokera m'fakitale imodzi, za nambala zotsatana, zitha kusiyana. Ina imaunjika zipolopolo za kampani yakuti pamalo amodzi, inzake n'kumwaza zomwezo. Chifukwa chake chagona pa kusiyana kochepa kwa kukula kwa chipinda cholowa chipolopolo, mizere ya mumpope, ndi kunjenjemera kwa mpopewo pamene njere ikudutsamo. Poti mwini mfuti sangadzipangire yekha zipolopolo za rimfire, njira ndi imodzi: kugula timabokosi ta mitundu ingapo, kukhala pabenchi, ndi kuwombera zisanuzisanu papepala pa mayadi 50. Mtundu umene zibowo zake zisanu zingaphimbidwe ndi ndalama yachitsulo ndiwo woyenera mutu wa gologolo. Wanzeru akaupeza amagula wambiri nthawi imodzi, poti ngakhale zipolopolo za kampani yomweyo zimasiyanako malinga ndi nthawi imene zinapangidwa. Phunziro limeneli linawawa mu 2013 ndi zaka zotsatira, pamene zipolopolo za .22 zinasowa m'masitolo a ku America ndipo anthu ankangogula zimene apeza.

Eni mfuti amanenanso kuti mpope wotsukidwa kwambiri sulunjika mpaka utawombera zipolopolo zingapo zoti zipakenso phula m'kati, ndiponso kuti chipolopolo choyamba cha mumpope wozizira nthawi zina chimagwera pambali pang'ono. Kwa wowombera chandamale zimenezi n'zazing'ono. Kwa mlenje chipolopolo choyambacho ndicho chonse. N'chifukwa chake ambiri satsuka mumpope dzulo la ulendo. Amangopukuta kunja ndi kuchotsa litsiro m'chipinda cha chipolopolo. Makolo awo analibe ufulu umenewu, poti mankhwala oyatsira akale ankasiya mchere umene unkadyetsa mpope dzimbiri usiku umodzi, mpaka pamene kampani ya Remington inatulutsa mankhwala osadya chitsulo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920.

Nanga liwiro? Munthu angaganize kuti chipolopolo chothamanga kwambiri ndicho chabwino, koma pa ntchito iyi sizili choncho kwenikweni. Phokoso limayenda mumpweya pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Zipolopolo za .22 zotchedwa zaliwiro zimatuluka pa mamita 370 mpaka 380 pa sekondi, kuposa liwiro la phokoso, ndipo zimalira mokuwa ngati chikoti. Zisanafike patali zimachepa mphamvu n'kutsika pansi pa liwiro la phokoso, ndipo podutsa malire amenewa njere imagwedezeka pang'ono. Zipolopolo za liwiro wamba, za mamita pafupifupi 325 pa sekondi, sizidutsa malirewo n'komwe. Ndizo zimene amagwiritsa ntchito akatswiri a mpikisano wa Olympics pa mtunda wa mamita 50, kumene kamkombero ka pakati pa chandamale ndi ka mamilimita 10.4 okha. Alenje amene anasinthira ku zipolopolo zofatsazi amanena kuti phindu lalikulu ndi bata. Mfuti ikalira pang'ono, agologolo ena a mumtengo womwewo amangokhala chete kanthawi n'kuyambiranso kudya. Mlenje wodziwa sadzuka kukatola woyambayo. Amangosunga m'maso pamene wagwera, n'kudikira wachiwiri ndi wachitatu ali pamalo amodzi.

Galasi loonera patali limene amamangirira pamwamba pa mfuti linasintha ulenjewu kwambiri, makamaka kwa okalamba amene maso ayamba kuchita chidima. Lokuza chinthu kanayi limakwanira, ndipo limathandiza kusiyanitsa mutu wa gologolo ndi mfundo ya mtengo mumdima wa m'masamba. Koma nalo lili ndi misampha. Galasilo limakhala pafupifupi inchi ndi theka pamwamba pa mpope, choncho gologolo akakhala pafupi kwambiri, monga pa mayadi 10, njere imadutsa pansi pa pamene diso likuloza. Munthu akawombera chokweza kwambiri m'mwamba mwa mtengo wautali, njere imapita pamwamba pang'ono kusiyana ndi mmene imachitira pa mtunda womwewo pamalo athyathyathya. Ndipo mfuti yolunjikitsidwa pa mayadi 50 imagwetsa njere mainchesi 5 kapena kupitirira ikafika pa mayadi 100, osawerengera mphepo imene imakankha kanjere kopepuka chotere mosavuta. Alenje ambiri ali ndi mbiri ya gologolo amene anamuphonya ali pamphuno, atapha anzake patali.

Pofuna kuthetsa kugwa kwa njere ndi vuto la mphepo, makampani anatulutsa zipolopolo za rimfire zamphamvu koposa. Winchester anatulutsa .22 Magnum mu 1959, ndipo Hornady anatulutsa .17 HMR mu 2002, ya kanjere kopepuka kothamanga pafupifupi mamita 775 pa sekondi. Alenje ambiri anaithamangira, ndipo amavomereza kuti imalunjika modabwitsa ngakhale pa mayadi 100. Dandaulo lawo ndi lakuti ikaphonya mutu n'kulasa paphewa, theka la gologolo limasanduka phala. Imaliranso kwambiri, ndipo zipolopolo zake ndi zodula kangapo kuposa za .22 wamba. Kunena zoona, m'nkhalango yowirira simuoneka gologolo pa mayadi 100, ndipo mphamvu yowonjezerayo imathera pa kuwononga ndiwo. Ena anaisunga kuti aziigwiritsa ntchito m'nyengo yachisanu m'nkhalango zoyera. Ambiri anabwerera ku kamfuti kawo kakale.

Pa za polasa, si onse amene amafuna mutu. Ena amaloza kuseri kwa phewa, kumene kuli mtima ndi mapapo, ponena kuti malowo ndi aakulu ndipo pa nthiti palibe mnofu wambiri wotayika. Otsutsa amati gologolo ndi wolimba khungu ndi mtima. Wolasidwa m'thupi ndi njere yosaphwasuka amatha kukwawira m'mphako ya mtengo n'kukafera m'menemo, nyama n'kutayika pachabe itazunzika. N'chifukwa chake oloza pathupi amasankha njere yoboola kutsogolo, imene imatambasuka ikalowa mumnofu. Kumadera ena a Kentucky kunali chifukwa china chosawombera kumutu: bongo wa gologolo unkadyedwa ngati chakudya chapadera, wokazinga pamodzi ndi mazira. Mu 1997 madokotala a kumeneko analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti odwala ena a matenda a bongo a Creutzfeldt-Jakob anali odya bongo wa agologolo. Sizinatsimikizike kuti agologolowo ndiwo anapatsira matendawo, koma chenjezolo linachititsa anthu ambiri kusiya mwambowu.

Chinthu choopsa pa zonse n'chakuti kamfutika kamaoneka ngati choseweretsa. Kulira kwake n'kochepa, sikamenya phewa, ndipo anthu amakapeputsa. Koma pa timabokosi ta zipolopolo zake pamalembedwa chenjezo lakuti njere itha kuvulaza munthu pa mtunda wa mailosi imodzi ndi theka, ndiko kuti makilomita oposa 2. Mlenje wa mbawala amawombera chopingasa, ndipo njere yake ikaphonya imalowa m'nthaka. Mlenje wa agologolo amaloza kumwamba, kumene njere yophonya imakwera n'kukatera kuseri kwa phiri, mwina pamunda, pamsewu kapena pakhonde la munthu. Lamulo limene alenje amaphunzitsa ana awo ndi lakuti osakhethemula pokhapokha kumbuyo kwa gologolo kuli thunthu kapena nthambi yaikulu yoti igwire njereyo. Gologolo wokhala pansonga ya nthambi, kumbuyo kwake kukuoneka thambo lokhalokha, amamuleka ngakhale akhale wonenepa chotani. Njere ya .22 imadziwikanso ndi kudumpha ikamenya mwala, nthaka youma kapena pamwamba pa madzi. Pa zifukwa zimenezi, nkhalango zina zaboma zoyandikana ndi mizinda zimaloleza chifefe chokha, poti timipira take timatha mphamvu msanga.

Mtovu nawo wayamba kufunsidwa. Kuyambira pa 1 Julaye 2019, chigawo cha California chinaletsa zipolopolo za mtovu pa ulenje wa mtundu uliwonse, pofuna kuteteza mbalame zodya nyama zakufa, zimene zimameza tizidutswa ta mtovu n'kudwala. Njere za .22 zopanda mtovu n'zopepuka, ndipo eni mfuti ambiri amadandaula kuti mfuti zawo zakale sizizilunjikitsa bwino. Anayenera kubwerera kubenchi kukayambiranso kuyesa. Kwina konse alenje amalipira chiphaso, ndipo kuyambira pa lamulo la Pittman-Robertson la mu 1937, msonkho wa pa mfuti zosakira ndi zipolopolo, umene uli 11 pa 100 iliyonse, umapita ku ntchito yosamala nyama zam'tchire. Ndalama zimenezi zinathandiza kubwezeretsa mbawala ndi nkhukundembo, ndipo nyama zazikuluzi zitachulukanso, alenje ambiri anasiya agologolo n'kuzitsata. Lero nkhalango zambiri zili ndi agologolo ochuluka koma owasaka ochepa.

Amene akupitirizabe amadziwa kuti ntchito siithera pa kugwa kwa nyama. Gologolo amasendedwa akadali wofunda, poti akazizira khungu limamatirira kumnofu ngati lasokedwa. Njira yofala ndiyo kucheka pansi pa tsinde la mchira, kuponda mchirawo ndi phazi, n'kukoka miyendo yakumbuyo chokweza, khungu n'kuvuka ngati malaya. M'miyezi yotentha ena amapezeka ndi mphutsi zazikulu za ntchentche pansi pa khungu. Akuluakulu oona za nyama amati mnofu wake ulibe vuto, komabe alenje ena amadikira chisanu choyamba kuti mphutsizo zithe. Wamng'ono amamukazinga atamugubuduza mu ufa, pamene wokalamba, amene mnofu wake ndi wolimba, amamuwiritsa maola angapo mpaka utalekana ndi mafupa. Mchira nawo sutayidwa. Kampani ya Mepps ya ku Antigo, m'chigawo cha Wisconsin, imene imapanga nyambo zachitsulo zowedzera nsomba, yakhala ikugula michira ya agologolo kwa zaka zambiri kuti ubweya wake uzimangidwa pa mbedza, ndipo imapempha kuti michirayo ichokere kwa agologolo ophedwera kudya basi.